Macro ya Vim Ikamasowa Kapena Kukana Kugwira Ntchito M'mafayilo Ena

Munaijambula dzulo ndipo inagwira ntchito bwinobwino, mizere yonse inakonzeka m'kanthawi kochepa. Lero mwatsegula Vim, pulogalamu yolembera ndi kukonzera mawu, mwadina `@q`, koma kwangoti zii. Mwinanso zachitika zinthu zimene simunazitume: zilembo zafufutika, mawu achilendo alowa pakati pa mzere. Ena vuto lawo limabwera pamene akufuna kuti macro yomweyo idutse m'mafayilo 40. Imakonza fayilo yoyamba n'kuima, kapena imadutsa onse koma ena n'kuwawononga.

Mavuto onsewa gwero lake ndi limodzi. Macro si pulogalamu imene Vim imaisamalira padera. Ndi mndandanda wa mabatani amene munadina, wosungidwa ngati mawu wamba, ndipo Vim imangowadinanso m'malo mwanu popanda kudziwa cholinga chanu. Mukagwira mfundo imeneyi, zambiri zimene zimakuthetsani nzeru zimayamba kumveka.

Yambani mwaona chimene chili m'kathumba

Mukadina `qq`, Vim imayamba kujambula n'kumaika mabataniwo mu register ya `q`. Ma register ndi timatumba tokhala ndi mayina kuyambira `a` mpaka `z`, ndipo ndi timatumba tomweto timene mumaikamo mawu mukamakopera. Palibe timatumba tina ta ma macro okha. Ndiye ngati munajambula macro mu `a`, kenako tsiku lina n'kukopera mzere ndi `"ayy`, macro ija yapita, m'malo mwake mwakhala mzere uja. Mukadina `@a`, Vim imatenga zilembo za mzerewo n'kumazimvera ngati malamulo, `d` iliyonse n'kumayesa kufufuta, `i` n'kuyamba kulemba.

Choncho musanakayikire china chilichonse, lembani:

    :reg q

Ngati mukuona mawu amene si macro yanu, ndiye kuti inafufutidwa ndi kukopera kapena kujambula kwina. Kudina `qq` mwangozi n'kudinanso `q` kumasiya register yopanda kanthu, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ngati mulibe kalikonse pamene simunaikhudze, vuto lili pa kasungidwe.

Vim ikaiwala mukaitseka

Ma register amapulumuka kutseka kwa Vim chifukwa cha fayilo yotchedwa `.viminfo`, imene imakhala mu foda yanu yaikulu. Pa Windows dzina lake ndi `_viminfo`. Neovim, mtundu wina wa Vim, ili ndi yakeyake yotchedwa ShaDa, imene kuyambira pa Neovim 0.8 imapezeka pa `~/.local/state/nvim/shada/main.shada`. Fayiloyi imalembedwa pamene mukutuluka mu Vim, osati pamene mwamaliza kujambula. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, macro ya tsikulo imapita nayo limodzi. Mukajambula macro imene yakuvutani kuipanga, lembani `:wviminfo` nthawi yomweyo, kapena `:wshada` ngati muli mu Neovim.

Kenako funsani Vim chimene yauzidwa kuti izisunga:

    :verbose set viminfo?

Nthawi zambiri yankho limakhala `'100,<50,s10,h`. Mbali ya `<50` ikutanthauza kuti register iliyonse isungidwa mizere yosapitirira 50, ndipo `s10` ikutanthauza kuti register yoposa makilobayiti 10 isiyidwa. Macro wamba siifika pamenepo. Chimene muyenera kuyang'ana ndi `<0`, imene imaletsa kusunga ma register onse, kapena yankho lopanda kanthu. Zoterezi zimalowa kudzera mu vimrc, fayilo ya makonzedwe a Vim, imene munakopera pa intaneti osaiwerenga yonse, ndipo ubwino wa `:verbose` ndi woti imakuuzani fayilo imene inasintha zimenezi komaliza.

Ngati zonsezi zili bwino koma macro ikusowabe, onani mwini wake wa fayiloyo:

    ls -l ~/.viminfo

Mukapeza kuti mwini wake ndi `root`, woyang'anira kompyuta, ndiye kuti tsiku lina munatsegula Vim ndi `sudo` ndipo fayiloyo inalengedwa m'dzina la root. Kuyambira pamenepo Vim yanu imalephera kulembamo. Nthawi zina imaonetsa uthenga wa E137 potuluka, koma umadutsa mofulumira moti ambiri sauona. Mankhwala ake ndi `sudo chown $USER ~/.viminfo`. Pa makompyuta ena a Linux, lamulo la `vi` limatsegula Vim yaing'ono imene ilibe viminfo n'komwe. Lembani `vi --version` n'kuona ngati pali `+viminfo` kapena `-viminfo`.

Pali zina ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Lamulo la `:mksession` limasunga mawindo ndi mafayilo amene munatsegula, koma silisunga ma register, choncho kutsegula session sikubweza macro. Chachiwiri, mukatsegula Vim ziwiri nthawi imodzi, imodzi siidziwa zimene inzake yajambula. Lembani `:wviminfo` mu yoyamba, kenako `:rviminfo!` mu yachiwiri. Kale, Vim imene yatsekedwa komaliza ndi imene inkapambana n'kufufuta za inzake. Kuyambira pa Vim 8.0, imene inatuluka mu 2016, viminfo imasunga nthawi ya chinthu chilichonse ndipo chatsopano ndi chimene chimatsala.

Kuilemba pamalo okhazikika

Ngakhale mutakonza zonsezi, maganizo anga ndi akuti viminfo si malo osungirako chinthu chimene mukuchifuna mwezi wamawa. Imangokumbukira zimene zinali m'kathumba potseka, kaya ndi macro yabwino kaya ndi zinyalala. Macro imene mwaigwiritsa ntchito kawiri ndi yoyenera kulembedwa mu vimrc.

Titenge chitsanzo. Muli ndi mizere yonga iyi:

    mtundu = wofiira

ndipo mukufuna ikhale chonchi:

    mtundu: wofiira;

Mabatani ake ndi `0f=hxr:A;` kenako Esc. Ndiye kuti pita koyambirira kwa mzere, dumphira pa `=`, bwerera kamodzi, fufuta mpatawo, sintha `=` akhale `:`, ika `;` kumapeto, tuluka.

Tsegulani vimrc, lembani `let @q = '`, ndipo mukadali momwemo polemba, dinani Ctrl-R kawiri kenako `q`. Kudina kawiriko n'kofunika, chifukwa kumauza Vim kuti iike zilembozo mmene zilili, isazimvere ngati mwazidina. Tsekani ndi `'`. Mudzaona mzere wothera ndi `^[`, chomwe ndi chizindikiro cha Esc.

Apa m'pamene ambiri amagwera. Chizindikiro `^[` chimaoneka ngati zilembo ziwiri koma ndi chimodzi. Yendetsani cursor pamwamba pake muone, imachidumpha kamodzi. Mukachikopera ndi mbewa kuchokera pa sikirini, kapena mnzanu akakutumizirani mzerewo pa uthenga, chimasanduka zilembo ziwiri zenizeni, `^` ndi `[`. Macro yotero siituluka polemba, ndipo mizere yanu imathera ndi `;^[`. Ndinakhalapo nthawi yaitali ndikuyang'anitsitsa mizere iwiri yooneka yofanana ndendende, wina ukugwira ntchito wina ukukana, mpaka ndinayendetsa cursor n'kuona kuti pa mzere wachiwiriwo ikuima kawiri.

N'chifukwa chake ndimakonda kulemba chonchi:

    let @q = "0f=hxr:A;\<Esc>"

M'kati mwa zizindikiro za `"`, Vim imamva `\<Esc>` ngati batani la Esc ndi `\<CR>` ngati Enter. Mzere wotere mukhoza kuutumiza kulikonse osawonongeka. Koma kumbukirani kuti m'kati mwa `"`, chizindikiro `\` chili ndi ntchito yapadera. Ngati macro yanu ili ndi `\d` kapena `\(` posaka, muyenera kulemba `\\d` ndi `\\(`, ndipo `"` weniweni alembedwe `\"`. Macro imene inkapeza manambala bwinobwino n'kusiya kuwapeza itangolowa mu vimrc, kawirikawiri vuto lake limakhala lomweli.

Mwina mudzaonanso zinthu ngati `<80>kb` kapena `<80>ku`. Umu ndi mmene Vim imasungira Backspace ndi batani la muvi wopita m'mwamba. Zimenezi zimatha kuwonongeka fayilo ikasungidwa, choncho zisintheni zikhale `\<BS>` ndi `\<Up>`. Ndipotu Backspace yopezeka mu macro nthawi zambiri ndi umboni chabe woti munalakwitsa chilembo pojambula, mukhoza kuichotsa pamodzi ndi chilembo cholakwikacho.

Pali kamsampha kena kamene sikaoneka msanga. Mukalemba `let @q` ndi mawu othera ndi `\<CR>`, Vim imatenga register yonseyo ngati mzere wathunthu n'kuwonjezera chizindikiro cha mzere watsopano kumapeto. Mu `:reg q` mudzachiona ngati `^J`. Macro ikamayenda, chizindikirocho chimatsitsa cursor mzere umodzi, ndiye mumapeza kuti ikukonza mzere umodzi n'kudumpha wina. Lembani motere kuti mupewe zimenezi:

    call setreg('q', ":s/akale/atsopano/\<CR>", 'c')

Chilembo `c` chikuuza Vim kuti izi ndi zilembo chabe, isawonjezere kanthu. Vuto lomweli limabwera mukakonza macro pamanja. Mwaimata ndi `"qp`, mwaisintha, kenako mwaibweza ndi `"qyy`. Lamulo la `yy` limatenga ndi mapeto a mzere omwe. Ibwezeni ndi `0"qy$`.

Mzere wa `let` umadzazanso register nthawi iliyonse mukatsegula Vim, koma suuteteza pamene mukugwira ntchito, mukhozabe kuifufuta ndi `qq`. Ngati macro yakhala chida cha tsiku ndi tsiku, ichotseni mu register n'kuisandutsa lamulo lokhala ndi dzina:

    command! -bar Konza g/=/normal! 0f=hxr:A;

Dzina la lamulo lanu liyenera kuyamba ndi chilembo chachikulu. Esc sakufunikanso chifukwa `:normal`, imene imadina mabatani m'malo mwanu, imatuluka yokha polemba ikafika kumapeto. Ngati malamulowa ndi a ntchito imodzi yokha, musadzaze nawo vimrc. Aikeni mu fayilo yawoyawo, mwachitsanzo `macro.vim`, pafupi ndi mafayilo a ntchitoyo, n'kumaiitana ndi `:source macro.vim` kapena `vim -S macro.vim`. Mukatero ngakhale mnzanu wogwira naye ntchito akhoza kuigwiritsa ntchito.

Ilipo, koma ikuchita zina

Macro imatha kusungika bwinobwino koma n'kuchita zosiyana ndi dzulo, chifukwa pojambula inatsamira pa zinthu zimene lero palibe. Mukadina `n` m'kati mwa macro, imapita pa mawu amene munasaka komaliza, ndipo lero mawuwo ndi ena. Chimodzimodzi `;` amene amabwereza `f`, kadontho kamene kamabwereza kusintha komaliza, ndi `p` amene amamata chilichonse chimene chakoperedwa posachedwa. Macro yoti ikhalitse iyenera kunyamula zonse zimene ikufuna. Kusaka kulembedwe m'kati mwake momwemo, ndipo iyambe ndi `0` kapena `gg` kuti isadalire pamene cursor yapezeka.

Imatsamiranso pa makonzedwe a Vim yanu. Zimene zili mu register zimadutsa m'ma mapping anu, mabatani amene munawapatsa ntchito ina, ngati mwazidina nokha, choncho macro yojambulidwa pa kompyuta imene `jk` amatanthauza Esc idzangolemba `jk` pa kompyuta ina. Plugin yotseka yokha mabulaketi imawonjezera `)` wachiwiri. Kusiyana kwa `ignorecase`, `autoindent` kapena `textwidth` kumasinthanso zotsatira. Lamulo la `normal!` lokhala ndi mabatani olembedwa poyera, ngati la Konza lija, silimvera mapping iliyonse, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndimalikondera.

Ngati munalemba `999@q` poyembekezera kuti macro iima yokha ikafika kumapeto koma ikungozungulira, chifukwa chake ndi `wrapscan`. Kusaka kukafika pansi kumayambiranso pamwamba, ndiye sikulephera. Dinani Ctrl-C kuti iime, lembani `:set nowrapscan`, muyambirenso.

Mafayilo ambiri nthawi imodzi

Sonkhanitsani mafayilo ndi `:args *.conf`, kenako lembani `:args` payokha kuti muone ngati mndandandawo uli mmene mukufunira. Lamulo limene pafupifupi aliyense amayamba kuyesa ndi ili:

    :argdo normal @q | update

Silichita zimene likuoneka kuti lichita. Lamulo la `:normal` limameza chilichonse mpaka kumapeto kwa mzere, choncho `| update` sakhala lamulo losunga, amasanduka mabatani. Chilembo `u` chimabweza zimene macro yangochita kumene, `p` n'kumata zimene munakopera. Fayilo siisungidwa, ndipo Vim ikafuna kupita pa fayilo yotsatira imatha kuima ndi uthenga wa E37, wonena kuti pali zosintha zosasungidwa. Kalembedwe koyenera ndi aka:

    :argdo execute "normal gg@q" | update

Ndaika `gg` dala. Vim yambiri imakonzedwa kuti fayilo ikatsegulidwa, cursor ibwerere pamene munasiyira ulendo wapita. Ndiye m'fayilo imodzi macro imayambira pamwamba, m'fayilo ina pa mzere 87, inu n'kumadabwa kuti theka la fayilo silinakhudzidwe bwanji. Lamulo la Konza lija lilibe vutoli chifukwa `g` imayang'ana fayilo yonse, ndipo `-bar` amene tinaika uja ndi amene amalola kulemba `:argdo Konza | update`.

Komabe sindilimbikitsa `update` paulendo woyamba. Njira imene ndimaidalira ndi yolekanitsa kusintha ndi kusunga:

    :set hidden
    :argdo g/=/normal @q

Ndi `hidden`, Vim imalola kuchoka pa fayilo yosinthidwa osaisunga. Mu Neovim imakhala yotsegula kale kuyambira pa 0.6. Tsopano mafayilo onse asinthidwa m'kati mwa Vim mokha, pa disiki sipanalembedwe kanthu. Yendani ndi `:first` ndi `:next`, muone mafayilo angapo ndi maso anu, makamaka aja amene mukudziwa kuti ndi osiyana ndi anzawo. Mukakhutira lembani `:wall`. Mukapanda kukhutira, `:argdo edit!` imabweza fayilo iliyonse mmene inalili. Ngati mafayilowo ali mu Git, sungani commit musanayambe kuti `git diff` ikuonetseni chilichonse chimene chasintha. Ngati sali mu Git, koperani foda yonse padera.

Nanga ikaima pakati? Lamulo la `:argdo` likakumana ndi vuto pa fayilo imodzi, silipitanso pa mafayilo otsala. Kawirikawiri vutolo ndi E486, kutanthauza kuti mawu amene macro ikusaka mulibe m'fayilomo. Ngati wolephera ndi `:s`, onjezerani `e` kumapeto, monga `:s/akale/atsopano/ge`, ndipo kusowa kwa mawuwo sikutengedwanso ngati vuto.

Malangizo amene mudzawapeze kwambiri ndi oika `silent!` kutsogolo. Chonde samalani nawo. Macro imaima pamene batani lina lalephera, ndipo kuima kumeneku ndi kumene kumakutetezani. Lamulo la `silent!` silimangobisa uthenga, limachotsanso chitetezocho. Taonani zimene zimachitikira mzere wopanda `=`, wongolembedwa kuti `mutu`. Popanda `silent!`, `f=` amalephera, macro imaima, mzere umatsala bwinobwino. Ndi `silent!`, `f=` amalephera koma macro imapitirira. Kenako `x` amafufuta `m`, `r:` amasintha `u`, ndipo mzere umasanduka `:tu;`. Zimenezi zikachitika m'mafayilo 40 amene asungidwa kale, palibe uthenga uliwonse umene ungakuchenjezeni.

Njira yabwino ndi yosapititsa macro kumene ilibe ntchito:

    :vimgrep /=/ **/*.conf
    :cfdo g/=/normal @q

Lamulo loyamba limasaka m'mafoda onse a m'kati n'kulemba mndandanda wa malo amene mawuwo apezeka, ndipo mukhoza kuuona ndi `:copen` musanasinthe kanthu. Lachiwiri limangoyendera mafayilo amene ali pa mndandandawo, ndipo m'fayilo iliyonse `g` imangosankha mizere yokhala ndi `=`. Malamulo a `:cdo` ndi `:cfdo` anabwera pa Vim 7.4.858, choncho ngati Vim yanu ikuwakana, ndi yakale kuposa pamenepo, gwiritsani ntchito `:argdo`. Mukamagwiritsa ntchito `g` kapena `:%normal`, chotsani `j` wotsitsa cursor ngati alipo kumapeto kwa macro, chifukwa Vim ndi imene ikuyendetsa cursor mzere ndi mzere.

Ngati mafayilo ambiri akonzeka koma awiri kapena atatu atuluka ndi `^M` patsogolo pa `;`, ndiye kuti mafayilo amenewo ali ndi mapeto a mizere osakanikirana, ena a Windows ena a Unix. Chotsani kaye ndi `:%s/\r$//e` musanayendetse macro. Ngati ntchito ikuchedwa chifukwa sikirini ikuthwanima pa batani lililonse, `:set lazyredraw` imathandiza.

Ngati simuli pa Vim

Emacs imaiwala macro mukaitseka pokhapokha mutailemba. Mukamaliza kujambula ndi F3 ndi F4, ipatseni dzina ndi `C-x C-k n` (C ndi batani la Ctrl), tsegulani fayilo yanu ya makonzedwe ya init, n'kulemba `M-x insert-kbd-macro` (M ndi batani la Alt). Macro ija idzalembedwa momwemo ngati Lisp ndipo idzakhalapo ulendo uliwonse.

Mu Notepad++, kujambula kokha sikukwanira, muyenera kusankha Save Current Recorded Macro pa menyu ya Macro n'kuipatsa dzina. Ma macro osungidwa amapita mu fayilo ya `shortcuts.xml`, imene nthawi zambiri imakhala mu `%AppData%\Notepad++`. Tsekani pulogalamuyo bwinobwino mukasunga macro yatsopano, ndipo mukafuna kusamutsa ma macro anu, koperani fayilo imeneyi n'kuiika pa kompyuta inayo Notepad++ ili yotseka.